Waya Amene Ndinamanga pa Tabo

Chaka chimene Chilwa inaphwa ndinapachika ukonde n'kukhala wopanda chogwira. Amene anandipezera ntchito ndi a Mukhito, mkulu wa mpingo wathu. Titaweruka mapemphero anandiperekeza kugalaja ya a Namakhwa pa Phalombe Boma. "Sipanala saidziwa," anatero, "koma ali ndi ana atatu." Anandilandira kuti andiyese kaye.

Mwezi wachiwiri kunabwera pikapu ya dizilo ya mayi Sapuwa, onyamula mpunga, abwana atapita kumaliro. Injini inkalira gwedegwede. Kuseri kwa lata laling'ono lotchinga kutentha ndinapeza kandodo kachitsulo kakugwedera pambali pa tabo, chipangizo chija chimakankhira mpweya mu injini. Ine wozolowera kumanga bwato ndi njinga, ndinatenga waya ndi pulayala n'kukamanga nganganga. Phokoso linatha. Ndinayamika Ambuye amene amapatsa nzeru opusa.

Mawa lake pikapu inabwera yokokedwa.

"Imathamanga ngati yalowa ziwanda," anatero mayi aja, "kenako pachitunda, phuu! Mpunga wa eni ake ndausiya pamsewu, mitambo iyo."

Paipi yaikulu ya mpweya inali itafwamphuka. A Namakhwa anaibwezera, anamangirira geji yoyezera mpweya, n'kuponda mafuta. Singano inadutsa malire.

"Mpweya wachuluka. Tikaisiya chonchi, gasiketi ya injini ipsa."

Apa mutu wanga unaima. Mphamvu ikachuluka ndiye matenda? Ndinkayesa kuti ndi dalitso. Iwo anatchula zoyambitsa zitatu: kapaipi kakang'ono kong'ambika, sensa yoyeza mpweya ikamanama, kapena kakhomo kotulutsira utsi wotsala kokakamira ndi mwaye. Kapaipi tinakapuzira, kanali kabwino. Sensa tinasinthanitsa ndi ya galimoto ina, singano chimodzimodzi. Ndinkapereka masipanala osapemphedwa, mumtima ndikupemphera kuti chobisika chiululike, osadziwa kuti ndikudzipempherera mlandu.

"Kwatsala kakhomo," anatero. "Kamatsegulidwa ndi kandodo kena. Kakapanda kuyenda, tabo sadziwa poimira."

Ndinaganiza za ana anga, ndinaganizanso za munthu wa m'Baibulo uja anakwirira zobedwa pansi pa hema wake, mtundu wonse n'kuvutika. Injini inali idakatentha, akanachedwa kufika pa kandodoko, ndipo mvula sikanadikira.

"Abwana, kandodoko ndinakamanga ine. Kamasokosa."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, mwana akamalira mumamumanga pakamwa?"

Anadula waya, n'kuika kapini katsopano m'malo mwa kamene kanadyeka n'kumachititsa kandodoko kugwedera. Singano inatsika. Mayi Sapuwa ananyamuka osanditsanzika, madontho oyamba akugwa. Mpunga anaupulumutsa, kupatula matumba awiri apamwamba.

Sanandichotse ntchito. Anangondilanda pulayala mwezi wathunthu.

Mpaka lero sindimvetsa bwino chifukwa chake Mlengi analola pemphero langa loyamika lija. Chimene ndinasunga n'chakuti chinthu chikamagwedera, ndimayamba ndafunsa chimene chinaikidwira kuti chiziyenda, ndisanachimange.