Mbewu Yopakizira

Chaka chimenecho ndinabzala chimanga katatu kumunda kwathu ku Nathenje. Koyamba ndinapupuluma ndi mvula ya chizimalupsa, mbewu n'kupsera m'nthaka. Kachiwiri nkhwali zinafukula mapando. Ndinangokhala pamzere, khasu lili pambali, msana ukuwawa, mtima utaukana mundawo.

Amayi anafika akutsimphina, atamanga kambewu pansonga ya chitenje. Iwo sankabzala mbewu yonse. Ankasiyako ina yopakizira m'mapando amene sanamere.

"Dzuka," anatero. "Ukalira bwino kunyumba. Chinyezi sichidikira munthu."

Ndinadzuka uku ndikunyinyirika, n'kubzala kachitatu ndi kambewu ka amayiko. Tinakolola zochepa, koma tinadya.

Lero amayi kulibe, mawondo anga ayamba kukana, ndipo mvula ikutinamizabe. Ndatopa nawo ulimi. Koma pobzala ndimangopeza ndamanga kale kambewu pansonga ya chitenje.