Chithunzi cha mapapo anga chinapita ku Ntcheu

Chinayamba ngati chifuwa wamba, mwezi wa Julayi, nthawi imene Nairobi amazizira ngati ku Dedza. Ndinali nditabwera kudzalera mdzukulu, chifukwa mwana wanga Tadala amagwira ntchito ku Westlands ndipo amachoka kunyumba ku Rongai m'mamawa. Milungu inayi ndinkangomwa madzi a mandimu, nkumati ndi mphepo. Kenako chinayamba kundibaya cha kumanja, chakudya sichinkalowa, ndipo chitenje chinayamba kundikulira. Tsiku lina ndinaona timagazi m'makhololo. Ndinabisa masiku atatu, lachinayi Tadala anandipezerera.

Ku chipatala cha boma anayeza makhololo, sanapeze chifuwa chachikulu. Ananditumiza kokajambulitsa m'chifuwa. Adokotala anapachika chithunzicho pa galasi lowala, nkutiloza banga loyera m'papo la kumanja, longa dzira la nkhunda. Tadala ndiye ankamasulira, popeza Chingerezi changa ndi cha ku pulayimale ndipo Chiswahili ndimangodziwa cha pamsika. Anandipatsa mankhwala, nkuti ndibwerenso pakatha milungu isanu ndi umodzi adzajambule chachiwiri, ayerekeze. Banga likachepa, ndiye kuti ndi matenda omva mankhwala. Likakula, ang'amba kuti atenge kanyama akaone ngati ndi khansa.

Potuluka, bambo wa pawindo anatipatsa chithunzicho mu envulopu yaikulu, nkunena kuti china chatsala mu kompyuta yawo. Mawu amenewo ndi amene anandinamiza mtima.

Achemwali anga ku Ntcheu atamva za matendawa anati amayi a mvano akufuna kundipempherera, koma munthu ali kutali chonchi, nditumize kanthu koti azigwira. Kwathu ena amatumiza duku kapena nsalu. Ine ndinaganiza kuti nanga si bwino agwire pamene pali nthendapo. Mayi wina wa m'gulu lathu la mapemphero, wokhala ku Runda, ankapita kumudzi sabata imeneyo, ndiye ndinamupatsira envulopu ija. Tadala sindinamuuze.

Titabwerera mu Sepitembala tinapeza chipinda chojambulira chili chotseka, mabenchi atadzaza mpaka panja. Namwino wina anatifotokozera kuti kale makina onsewa ankawasamala ndi kampani imodzi yaikulu imene inapangana ndi boma kulikulu. Pangano lija linatha, ndipo tsopano chipatala chilichonse chimadzipezera kampani ya pafupi. Atsopanowo ndi amene anali mkatimo, mawaya ali mbwee pansi. Anati tibwere kesho, kutanthauza mawa. Tinabwera kanayi. Ulendo uliwonse matatu, maminibasi a kuno, a ku Rongai ankaima pa mzere wa magalimoto mpaka msana kuwawa, ine ndikutsokomolera m'kansalu, anthu akundiyang'ana. Tadala ankapempha chilolezo kuntchito mpaka manyazi anamugwira. Pabenchi paja ndinkakhala pang'ono, nkuimirira, nkukasuzumira pachitseko, nkubwereranso.

Sabata yachitatu anandijambula. Adokotala anatumiza namwino kuti akatenge chithunzi choyamba, ndipo anabwera chimanjamanja. Kompyuta imene munali zithunzi zakale inali ya kampani yoyamba ija, ndipo inapita nayo. Makalata anali atalembedwa oti abweze zithunzi za odwala, koma yankho linali lisanafike.

"Palibe vuto, Mama," anatero adokotala. "Bweretsani envulopu yanu ija."

Apa m'pamene ndinaulula. Tadala anandiyang'ana osaphethira, kenako anamasulira ndi mawu otsika. Adokotala anati banga likadalipo, ndipo popanda chithunzi chakale sangadalire kukumbukira kwawo, pakuti amaona mapapo ambiri. Sangadikirenso, poopa kuti mwina ndi chinthu chokula. Anandilembera tsiku la opaleshoni, Lachitatu, patatha milungu itatu. Envulopu ikafika tsikulo lisanakwane, tithamange nayo.

Tinakwera matatu kubwerera kunyumba. Tikulowa pageti Tadala anangoti, "Amayi, mukanatumiza duku."

Achemwali analibe foni. Tinkaimbira wa golosale pamsika, iye nkutuma munthu kukawaitana. Atabwera anatiuza kuti envulopu siili kwawo. Amayi a mvano aja ankapatsirana envulopuyo Lachinayi lililonse akatha mapemphero, wina nkukagona nayo kunyumba kwake sabata yathunthu. Anthu abwino, anachita zimene ndinawapempha. Koma tsopano palibe ankadziwa kuti ili kwa yani. Achemwali anayenda khomo ndi khomo masiku asanu ndi anayi, ndi miyendo yawo yotupa ija. Anakaipeza kumudzi wina, kwa mayi amene anapita kumaliro a mlamu wake ataisiya pansi pa matiresi.

Achemwali anaipereka kwa dalaivala wa lole, mwana wa mkulu wa mpingo, amene ankabwera kuno kudzera ku Songwe ndi ku Namanga. Masiku amenewo sindinakhazikike. Ndinkalongedza chikwama cha kuchipatala, nkumasula, nkulongedzanso. Ndinkasesa nyumba yosesa kale. Mwana akagona ndinkakaima pageti kumayang'ana msewu, chonsecho ndikudziwa kuti lole siingafike pakhomo. Tinamva kuti yaima pamalire masiku atatu chifukwa cha mapepala. Ine amene ndimatha kupemphera ola lathunthu, mawu anandithera. Ndinkangoti Ambuye, mukudziwa, basi nkudzuka.

Envulopu inafika Lolemba madzulo, mkamwini wanga anakailandira kumene malole amatsitsira katundu. Lachiwiri m'mawa tinali pakhomo pa adokotala. Chithunzicho chinali chitapindika pakona, ndipo paliponse panali zidindo za zala. Adokotala anachipukuta ndi thonje, nkuchipachika pambali pa chatsopano, natenga rula. Anayeza uku, anayeza uku, anabwerezanso.

"Lachepa," anatero. "Latsala losakwana theka. Mawa musabwere."

Ndinakhala pansi penipeni, pasimenti. Namwino anandidzutsa. Adokotala anafunsa za zala zija, Tadala anawafotokozera. Anapukusa mutu akumwetulira, nkuti amayiwo apitirize kupemphera, koma chithunzi chizikhala kumene kuli mwini mapapo. Anati chinali chithupsa cha m'papo, ndipo anandiwonjezera mankhwala a mwezi wina.

Mu Disembala ndinapita kukajambulitsa komaliza. Makina anawonongeka tili pamzere, ndinati basi, tayambanso za kesho. Koma namwino anaimba foni, ndipo masana omwewo kunabwera mtsikana wa kampani yatsopano ndi bokosi lake la zida, nkukonza. Namwino anati kale akanalemba kalata kulikulu nkudikira milungu. Choncho kusinthako sindikunena kuti kunali koipa. Chinativuta ndi pakati paja, pamene wakale wachoka ndi zake ndipo watsopano sanakhazikike. Anzanga ena a pabenchi, amene analibe envulopu yoti aifunefune, sindidziwa kuti zinawathera bwanji, ndipo ndimawakumbukira m'mapemphero.

Lero ndili bwino. Ndimatsokomola pang'ono kukazizira, koma ndimabereka mdzukulu kumsana mpaka kumsika, ndipo thupi linabwerera. Ndikuthokoza Mulungu, adokotala aja, achemwali anga ndi Tadala amene anandipirira.

Amayi anzanga, chifuwa chikapitirira milungu iwiri musachite ngati ine, pitani akakuyezeni. Mukaona magazi, nenani tsiku lomwelo. Ndipo chilichonse chimene akupatsani kuchipatala, kaya ndi chithunzi kaya kapepala, sungani nokha pamalo ouma ngakhale akuuzeni kuti iwo ali nacho china. Opemphera auzeni dzina lanu ndi pamene pakupweteka, ndi zokwanira.