Ng'anjo ya Apongozi a Merv

Merv Hrytsak wakhala akukonza ng'anjo za gasi zofunditsa nyumba mumzinda wozizira wa Saskatoon kuyambira ali mnyamata, koma ng'anjo imene inatsala pang'ono kumuchotsera ulemu inali ya apongozi ake, Mayi Olena. Loweruka lililonse inkazima yokha, fani yake youzira mpweya n'kumangozungulira. Merv anasintha swichi imene imadula moto ng'anjo ikatentha mopitirira muyeso, koma sizinathandize.

“Akamwini, kapena tiitane amisiri enieni?” anafunsa mayiwo.

Loweruka lotsatira Merv anangotulukira kwa apongozi akewo m'mawa osanena. Anapeza kuti pa bowo lililonse la pansi lotulutsira mpweya wofunda mayiwo akhazikapo beseni la ufa wokanda, lovundikira ndi thaulo. Mpweya unkasowa potulukira, ng'anjo n'kutentha kwambiri, ndipo swichiyo inkangogwira ntchito yake.

“Amayi, mabeseniwa achoke.”

“Nanga buledi wa kutchalitchi afufumire pati? Pamutu panupo?”

Masana omwewo Merv anakhoma timashelefu m'mwamba pang'ono mwa mabowowo, mpweya n'kumadutsa. Ng'anjo sinazimenso. Mpaka lero mayiwo amauza anzawo kuti mkamwini wawo ndi kalipentala wabwino.