Mawu a Amayi Ali M'chipinda Chokhoma

Chipinda chosungira zinthu zakale m'laibulale ya ku yunivesite chimanunkha ngati chigafa cha fodya wonyowa. Fungolo ndinalimvera pakhomo dzulo, chifukwa m'kati sanandilowetse.

"Chitupa chanuchi chinatha ntchito, achimwene," anatero bambo wa pakhomopo. "Muno ndi mwa ophunzira ndi ofufuza."

Sukulu ndinaisiyira panjira, sindikukana. Koma m'chipindamo muli mawu a amayi anga.

Ndili wamng'ono, kwathu kwa Dzoole kunabwera anthu awiri a ku yunivesite ndi kawailesi kojambulira mawu. Ankafuna nyimbo za pamtondo. Inali nyengo ya njala, m'nkhokwe mulibe kanthu.

"Ingoimbani mutakhala pansi, mayi," anatero mmodzi.

"Nyimbo ya pamtondo imatuluka ndi musi, bambo," anayankha amayi. Anakhuthulira mumtondo chimanga chotsalira m'dengu n'kuyamba kukonola. Alendowo anawabwerezetsa mpaka dzuwa kupendeka, thukuta likudonthera m'gaga.

M'mawa mwake amayi anadzuka mawu atasasa. Ine ndinalira, poganiza kuti kawailesi kaja kawameza mawu. Ndinkakhala m'mbali mwa msewu kudikira galimoto ya alendo aja. Amayi ankandiseka monong'ona: "Abweza, iwe. Anthu ophunzira saba."

Mawuwo anabwerera okha, ndipo mudzi wonse unandiseka.

Amayi tinawaika m'manda chaka chatha, ndipo palibe wina anawajambulapo akuimba. Ndatopa kupempha m'maofesi kuti andilole kumvera nyimbo zijazo. Mwana wodikira pamsewu uja sanali wopusa: anthu aja anatengadi, ndipo sabweza.