Mlenje wa ku Dedza

Chilolezo cha mfuti chitatuluka, ndinapita kusitolo ina kufupi ndi Bolton, kuno ku Mangalande, kukasankha pisito yampikisano. Kuno amalola zampope wautali zokha, zokhala ndi kachitsulo kotulukira kumbuyo, ndipo ya mnzako suloledwa kuyesera. Umangogula mwachikhulupiriro.

Wogulitsa, mzungu wachikulire, anandipatsa yopepuka, ati ndiyambire pamenepo. Zinandinyansa.

"Bambo, ine kwathu ku Dedza ndinakulira mu ulenje," ndinatero.

Ulenje wake unali wa legeni, ndipo chomwe ndinalasapo ndi galasi la pawindo la aphunzitsi. Koma ndinaloza yaitali kuposa zonse, yolemera ngati musi.

Tsiku la mpikisano ndinaitana a Phiri, mkulu wa mpingo wathu, kuti akadzionere okha. Nditangotambasula mkono, mpope unayamba kuvina manganje. Ndinatsinzina diso limodzi, kenako onse awiri, n'kumangoombera.

Pomaliza, pepala langa lolasapo linali loyera mbee. La mayi woyandikana nane linali ndi mabowo ochuluka kuposa zipolopolo zake. Woyang'anira anafunsa ngati alipo amene waombera papepala la mnzake. Ine ndinangotanganidwa ndi kupukuta mfuti. Mayiyo anamuchotsera mapointi, ndipo ndinamupepesa nawo, nkhope yachisoni ngati pamaliro.

M'galimoto ndinayamba kudandaula kuti mfutiyo inachokera kufakitale yopindika kale. A Phiri anandilola kuti ndimalize.

"Achimwene, pepala lanu lija mwatenga?" anafunsa. "Musalitaye. Likadali latsopano, mudzaligwiritsanso ntchito mpikisano winawo."