Nkhoswe Yotsala ya Amayi

Amayi anabwera ku Perth, ku Australia, kudzandithandiza kulera khanda korona itatsala pang'ono kuyamba. Anabwera ndi chikwama chimodzi, ati sakhalitsa, chifukwa kumudzi anasiya nkhani ili pakati. Nkhaniyo inali ya penshoni ya malemu bambo anga, amene anali msilikali ndipo anakalondera njanji ku Mozambique nthawi ya nkhondo ija, ine ndikukwawa. Kenako malire anatsekedwa, ndege zinaima, amayi n'kutsekeredwa m'nyumba yathu ya lendi ku Armadale.

Vuto linali lakuti amayi ndi bambo sanadalitse ukwati kutchalitchi, ndipo kuboma sanalembetse. Chinali chinkhoswe basi: ankhoswe anasinthana nkhuku, anthu anadya, banja layamba. Tsono a ku ofesi ya penshoni anati popeza setifiketi palibe, amayi abwere ndi nkhoswe idzanene ndi pakamwa pake kuti mayiyu analidi mkazi wa msilikaliyo. Nkhoswe ya kuchikazi, malume anga, inamwalira kalekale. Anatsala ndi bambo aakulu okha, akulu awo a bambo anga, kumudzi ku Dedza, ndipo nawonso thupi linali litayamba kukana.

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo nkhaniyi inkandikwana. Ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Maddington, tsiku lonse maski ili kukamwa. Ndikafika kunyumba, makutu akuwawa ndi zingwe, ndinkapeza amayi ali pawindo mwana ali kumbuyo, funso lili lomwe lija: “Ndege zayamba?”

Tsiku lina ndinalephera kudzigwira. “Amayi, penshoni imeneyo mukagula nayo chiyani? Kodi ine sindikukudyetsani? Isiyeni.”

“Ukundidyetsa, zikomo,” anatero osandiyang'ana. “Koma bambo akowo ndinawadikira ine. Anzanga amuna awo ankabwera m'mabokosi, ine ndikugona khutu lili pawailesi. Lero boma lizindifunsa kuti ndine ndani?”



Ndiye ndinapeza nzeru yanga ya anthu a kunja. Ndinati tiwaimbire bambo aakulu pa vidiyo, ndijambule mawu awo, titumize ku ofesi. Mwana wawo wamkazi, amene amawasamalira, anakawauza. Nkhalamba inakanitsitsa. Ati nkhani ya banja sakambira pa foni ngati ukuitanitsa feteleza, nkhoswe imakhala pamphasa, maso ndi maso. Ndinakwiya, ndinati zachikale zimenezi zitiphetsa. Amayi m'malo mondithandiza anawaikira kumbuyo alamu awo, ati akunena zoona. Choncho tinadikira, chaka n'kutha, china n'kuyamba.

Madzulo ena tinapita kukatenga amuna anga ku Kewdale kumene amagwira ntchito yopakira katundu. Sitima ya katundu inkadutsa pang'onopang'ono, yaitali yosaoneka kothera. Amayi anatsitsa galasi la galimoto n'kuiyang'ana mpaka inatha. “Kodi zimene ankalondera bambo ako zinali zotere?” anandifunsa ine, ngati ndinaliko. M'pamene ndinadziwa kuti njanji imene inawatengera mwamuna zaka zonse zija sanaionepo ndi maso awo. Ndinawamvera chisoni kwambiri.

Patapita miyezi mwana wa bambo aakulu uja anaimba. Anati bambo ake ayamba kuiwalaiwala, ndipo za kukana foni zija aziiwalanso, ngati tikufuna mawu awo tifulumire.

Linali Loweruka masana, kumudzi kukali m'mawa. Amayi anasamba, anavala chitenje chatsopano ndi duku. Ndinatsamiritsa foni pachitini cha shuga pa tebulo laling'ono, ndi kuwaikira mpando. Mpandowo anaukankha n'kugwada pakapeti, monga mkazi amachitira polankhula ndi nkhoswe ya kuchimuna. Ndinayamba kujambula. Bambo aakulu anaonekera ali pamphasa, jekete litawakulira, ndipo anawayang'ana amayi nthawi yaitali.

“Alamu, mwandiitana,” anatero. “Mng'ono wanga walakwanso chiyani?”

“Sanalakwe kanthu, alamu.”

“Ndiye n'chifukwa sakubwera? Ndikudziwa, mwatopa. Koma pirirani, usilikali ndi wotero. Musamange katundu, musapite kwanu. Ine ndi amene ndinakakupemphani kwa achimwene anu, ndipo mkazi wake ndinu, wina palibe. Nkhondo ikatha abwera.”

Umboni wanji umenewu, munthu akunena za wakufa ngati ali moyo? Ndinayandikira foni. “Bambo aakulu, bambo anga pajatu ana—”

Amayi anandigwira pamkono mwamphamvu mpaka zala zawo zinandisiyira zizindikiro. Sanatembenuke n'komwe.

“Ndamva, alamu,” anatero, akuomba m'manja pang'onopang'ono. “Ndidikira.”

Vidiyoyo sindinaitumize kulikonse. Ndinadziwa ndekha kuti palibe ofesi imene ingalandire mawu a munthu amene sakudziwa kuti tili chaka chanji. Bambo aakulu anamwalira malire asanatsegulidwe, ndipo maliro awo tinawalira pabalaza pathu, anthu atatu ndi mwana. Ndege zitayamba ndinawachonderera amayi kuti akhalebe, ndinawakalipiranso, ndinati mukukachita chiyani kumudzi nkhoswe palibe. Anakana. Chimene anandipempha n'chimodzi, kuti ndiwaikire vidiyo ija mufoni mwawo ndi kuwaonetsa podina.

Penshoni sinatuluke mpaka lero. Ndimawasowa amayi anga, makamaka ndikafika kunyumba n'kuona pawindo palibe munthu. Mwana wa bambo aakulu amandiuza kuti akapita kukawaona amawapeza pakhonde akuonera vidiyo ija, ndipo ikafika pamene nkhalamba ikuti pirirani, amayankhabe.