Atelala ndi Chotetezera cha M'bokosi

Atelala a pakona anali munthu wosunga zatsopano. Mipando yawo inakalamba ili m'pulasitiki. Nsapato zomwe anagulira ukwati wa mwana wawo zikadali m'bokosi, chonsecho ukwatiwo wabala kale ana atatu.

Akazi awo atamwalira, mwanayo anawaikira kompyuta yakale pabalaza, pambali pa makina osokera. Munali kavidiyo kamodzi: mayiwo akuyanika zovala, uku akukalipa, "Inu abambo, singano mwasiyanso pampando! Mukufuna ndikhalire?" Kavidiyoko kunalibenso kwina kulikonse, poti foni yomwe anajambulira inagwera m'madzi. M'mawa uliwonse Atelala ankakatsegula, n'kukalipiridwa, kenako n'kuyamba kusoka. Amuna ena amathawa kukalipiridwa, iwo ankachita kudina batani.

Koma magetsi a kumeneko ndi amtima wapachala: amachoka osatsanzika, pobwera amabwera ndi ukali. Magetsiwo ataotcha wailesi yakanema ya aneba, Atelala mtima unangoti myuu. Lolemba analawirira kusitolo ya zamagetsi.

Anayamba kusankha monga amasankhira nsalu: kukoka chingwe, kununkhiza, kutembenuza kufunafuna msoko.

"Bambo, si nsalu ya suti imeneyo," anatero mayi wogulitsa. "Mwanyamulayo ndi ekisitenshoni wamba, mabowo okhaokha. Magetsi akakwiya imangowalozera njira. Tengani ichi, chotetezera. Ukali wonse chimameza chokha. Kanyali aka kakamayaka ndiye kuti chili pantchito. Kakazima, chatha, mudzagule china."

"Nanga zotetezera ziwirizi zikusiyana pati, mayi?"

"Nambala yakumbuyoyi. Yaikulu imapirira zambiri. M'kompyutamo muli chiyani kodi?"

"Muli akazi anga."

Mayiyo sanaseke. Anangowapatsa cha nambala yaikulu. "Mukangofika, mukalumikize. Lero lomwe, bambo."

Kunena zoona anasankha bwino, pamenepo tisawanamizire. Nkhani inavuta pakhomo. Anachiyang'ana chinthucho, choyera mbee, chonyezimira m'pulasitiki mwake. Anayang'ananso pansi pa tebulo: fumbi, ulusi, tizidutswa ta nsalu. Chinthu chatsopano n'kuchigoneka pamenepo? Iyayi. Mkamwini akabwera Lamlungu akhomere kaye kashelefu. Anachibwezera m'bokosi n'kuchikweza pakabati, pafupi ndi nsapato zija, kuti zizicheza.

Lachinayi masana magetsi anathima Atelala akusoka mpendero wa diresi. Sanaganize zozula chingwe cha kompyuta pakhoma. Pobwera magetsiwo, kunangomveka thu! Kenako kafungo ka waya wopserera kanadzaza pabalaza. Anadina batani. Zii. Anadinanso ndi chala china, ngati vuto linali chala.

Anaikulunga kompyutayo m'nsalu ya kasitomala n'kuthamanga nayo kwa wokonza, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Mkati mwapsa, madala," anatero wokonzayo atatsegula. "Kachipangizo kosungira zinthu ndiyesa kukapulumutsa, koma musaikepo mtima. Munalibe chotetezera?"

"Ndili nacho."

"Ndiye chinali kuti?"

Atelala anaisiya kompyutayo n'kubwerera kunyumba.

Atapitakonso Loweruka, wokonza uja anapukusa mutu asanalonjere n'komwe. Palibe chomwe chinatsala.

Mkamwini anabweradi Lamlungu, hamala ili m'manja, koma anapeza bokosi litang'ambidwa kale. Chotetezera chinali pansi pafumbi pomwe paja, kanyali kake kakuyaka, mabowo onse ali pululu. Apongozi ake anali chiimirire pakati pa balaza. Pampando panali singano, ndipo iwo anali kuiyang'ana, kudikira.